Sing'anga wa Ng'ombe

Ng'ombe ndiyo nkhokwe ya munthu wakumudzi. Ikoka ngolo, ilima munda, ipatsa ana mkaka, ndipo ndowe zake zibwezera nthaka m'munda woguga. Koma ng'ombe ikadwala siinena pamene pakupweteka. Chifukwa chake pafunika munthu wophunzira, wodziwa kuona matenda m'maso mwa chiweto, m'kayendedwe kake ndi m'kadyedwe kake. Munthu ameneyu ndiye sing'anga wa ziweto.

Makolo ambiri afuna kuti mwana wao akatha sukulu akhale mu ofesi, atavala malaya oyera. Akamva kuti mwanayo afuna kugwira ntchito m'makola, mtima uwawawa, nati, "Kodi tinataya ndalama zathu kuti akaponde ndowe?" Makolo otere aiwala mbiri.

M'chaka cha 1887 mliri wa ng'ombe wotchedwa rinderpest unalowa mu Africa cha kumpoto chakum'mawa. Pofika 1896 unali utaoloka mtsinje wa Zambezi. M'maiko ambiri pa ng'ombe 10 zinkafa 9, ndipo pambuyo pake padagwa njala yoopsa. Patapita zaka, sing'anga wa ziweto dzina lake Walter Plowright, akugwira ntchito ku Kenya, anapanga katemera wamphamvu. Asing'anga ndi othandiza ao anayenda mudzi ndi mudzi kubaya ng'ombe, ndipo m'chaka cha 2011 kunalengezedwa kuti mliriwo watha pa dziko lonse lapansi. Ntchito yaikuluyi anaigwira ndi anthu oponda ndowe.

Koma adani ena akalipo. Nkhupakupa yofiirira imene ikonda kukhala m'makutu a ng'ombe ifalitsa matenda a East Coast fever. Ng'ombe itupa mwanabele m'munsi mwa khutu, itentha thupi, ileka kudya, kenaka ituluka thovu m'mphuno, ndipo ikhoza kufa pasanathe mwezi. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje kumabuka matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi, amene njati zimasunga m'thupi mwao. Akabuka, boma litseka misika ya ng'ombe, ndipo mlimi asowa pogulitsa.

Ntchitoyi si yofewa ai. Sing'anga adzutsidwa usiku kuti akathandize ng'ombe imene yalephera kubereka. Ayenda m'matope nthawi ya dzinja. Tsiku lina ng'ombe imponda, tsiku lina chiweto chimfera m'manja, mwini wake ali pomwepo. Chotero ntchitoyi ifuna mtima woleza, pakuti akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Njira yake ndi iyi. Mwana, wamwamuna kapena wamkazi, alimbikire masamu ndi sayansi, makamaka maphunziro a zamoyo. Ku Mikolongwe, m'boma la Chiradzulu, kwaphunzitsidwa alangizi ambiri a ziweto. Kale Mmalawi wofuna udokotala wa ziweto anayenera kupita kunja, monga ku sukulu ya Samora Machel ku Lusaka, koma tsopano maphunzirowa alipo ku yunivesite ya LUANAR ku Lilongwe.

Tsono mwana amene akonda kubusa, naona msanga kuti kamwana ka ng'ombe sikakuyamwa bwino, makolo ake asamnyoze. Amgulire mabuku, amlimbitse mtima. Iye akachiritsa ng'ombe imodzi, wapulumutsa mkaka wa ana, ngolo ya banja, ndi fizi ya mwana wa mnansi wake.