Pampu ya Lole Usaikhudze, Mwana Wanga



Chiimbire foni Lachiwiri lija sindikugona bwino. Unalankhula zambiri, za nyumba imene wapeza ku Mzuzu ndi za mtengo wa mpunga ku Karonga, koma m'khutu mwanga munatsala chimodzi chokha: Canter yako ikufooka pa Chiweta, ndipo makaniko wina wakulonjeza kuti aitsegula pampu pa mtengo wozizira. Ndinangoti "chabwino" chifukwa amayi ako anali pafupi ndipo sindinafune kuwadetsa nkhawa. Si chabwino ayi.

Kuno tili bwino. Mwendo wa amayi ako wayamba kupepuka, mlongo wako wamaliza mayeso, chimanga chalowa m'nkhokwe, mbuzi yakuda ija yaswa awiri. Zinazo udzamva ukadzabwera.

Lole ya msuweni wako ukudziwa pamene ili. Ili pa njerwa kuseri kwa nyumba ya azakhali ako, nkhuku zikuikira mazira pa mpando wa dalaivala. Tsiku limene ankamasula injini yake iwe unali kusukulu, koma ine ndinalipo. Pisitoni yachitatu ndinaigwira ndi manja angawa. Pamwamba pake panali chibowo cholowa chala changa chachikulu, m'mphepete mwake mutasungunuka ngati phula. Iyenso anayamba ndi mawu akowa, kuti lole ikufooka pa Thabwa akamachokera ku Chikwawa. Makaniko anamudulira kawaya kamene kamatseka pampu, n'kumupotokolera kabauti ka mafuta. Masabata atatu lole inkakwera ngati ilibe katundu, utsi wakuda uli tolo kumbuyo, anzake akumuyamikira. Sabata lachinayi inagogoda pakati pa chitunda n'kuzimiratu. Dimba la azakhali ako linapita ndi katapila, ndipo ngongoleyo sinathebe. Chaona mnzako chapita, mwana wanga.

Ndiwe wophunzira kuposa ine, ndiye imva chifukwa chake. Injini ya dizilo imadya zinthu ziwiri, mafuta ndi mpweya. Yakoyo, 4D33, ndi ya malita 4.2 ndipo ilibe turbo, choncho mpweya imadzikokera yokha. Ukaiwonjezera dizilo mpweya uli womwewo, mphamvu imakweradi pang'ono, sindikunamiza, koma mafuta ambiri sapsa bwino. Amasanduka utsi ndi moto umene umawotcha mutu wa pisitoni. Pisitoniyo ndi ya aluminiyamu, chitsulo chosungunuka pa madigiri osapitirira 660. Geji ya pa dashibodi usaidalire, imayeza kutentha kwa madzi a mu ladiyeta basi. Ikamadzafika pofiira n'kuti m'kati mutapsa kale.

Komanso kufooka kwina si matenda. Kunyanja uli pa mamita osafika 500, pamene Mzuzu ali pamwamba pa mamita 1,200. Ukamakwera mpweya umapepuka, ndipo injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 peresenti ya mphamvu yake pa mamita 300 aliwonse. Ndiye pamene mpweya ukuchepa m'pamene iwe ukufuna kuthira mafuta ambiri? Msuweni wako anachita zomwezo.

Mphamvu yokokera imene ukuifunayo yambiri ilimo kale m'loleyo, yangotsekeka ndi litsiro. Yamba ndi fyuluta ya mpweya. Uitulutse, uiyang'ane padzuwa, ndipo ngati kuwala sikudutsa gula ina, osangoimenyetsa pa tayala monga ndinakuona ukuchita pakhomo pano. Usinthenso fyuluta ya dizilo. Tapeti uzitchere ndi filageji pa muyeso wa m'buku, osati ndi khutu. Manozo upite nawo kwa amene ali ndi makina oyezera, uone wekha ngati akupopera ngati nkhungu kapena akungodontha. Pampu ngati ikufunikadi kuigwira, aiyike pa benchi, aibwezere pa muyeso wa kufakitale n'kuitsekanso. Kumeneko n'kukonza, pamene za makaniko wakoyo n'kupha. Ukayenda mtunda uziimanso n'kuyandikiza dzanja ku madiramu a mabuleki, chifukwa limodzi likatentha kuposa anzake ndiye kuti ukukoka lole yomanga buleki.

Uonenso matayala. Ndikuganiza kuti amene anakugulitsa anaika aakulu kuposa oyenera, ndinaona tsiku limene unabwera nayo lija koma ndinakhala chete poopa kukusokonezera chimwemwe. Tayala lalikulu limathamanga pachidikha koma limadya mphamvu pachitunda. Zonsezi zikalephera, pali difu ya magiya okoka kwambiri. Udzataya liwiro pamsewu wa m'mbali mwa nyanja, koma injini idzakhala ndi moyo. Za turbo ya ku sikirapu usaziyambe. Imene inabadwa ndi turbo ndi 4D34, ndipo ukaifuna sunga ndalama udzagule yathunthu.

Ndili mnyamata ndinkagwira ntchito pa Bedford, ndipo ntchito yanga yaikulu inali kudumpha ndi mwala n'kukatchinga tayala lole ikaima pachitunda. Adalaivala anga, Mulungu ause mzimu wawo, ankatsitsa giya tisanafike n'komwe pa phazi la phiri. Tinkakwera pang'onopang'ono moti ana ankatithamangira n'kutipitirira, ine manyazi atandigwira, nkhope nditabisa m'chipewa. Koma lole imene ija sinatsegulidwe mutu nthawi yonse imene ndinali nawo, ndipo malipiro ake ndi amene anamanga nyumba imene unabadwiramo. Iwenso tsitsa giya msanga, injini izilira momasuka, osati kuikanikiza pa giya yaikulu ikubuula. Potsika Chiweta ugwiritse giya yomwe unakwerera, ndi buleki ya ekizozi.

Pafoni paja unatchula matumba 80. Ndinamva. Matani atatu ndi matumba 60 a makilogalamu 50, ndipo 20 apamwambawo ndi amene akukutumiza kwa makaniko. Msuweni wako ankatinso ulendo umodzi wokha, angobweza ngongole.

Usayende usiku, usabwereke munthu makiyi, COF isathe uli chigonere, ndipo kutchalitchi uzipita. Amayi ako akuti uzidya nsima, osati mandasi ndi tiyi.

Ndikudziwa kuti ngongole ya loleyo ikukupanikiza, ndipo ukufuna kutionetsa kuti wakula. Ife tinaona kale, tsiku limene unaimika lole pabwalo n'kutsika makiyi ali m'manja. Amayi ako analowa m'nyumba kukalira. Miyezi itatu ikubwerayi usatitumizire kalikonse, chakudya tili nacho. Ndalamayo ugulire mafyuluta ndi kuyezetsa manozo. Ikachepa undiuze ndigulitse mbuzi ziwiri, sindidzakufunsa kuti ubweze.

Chonde mwana wanga, ndagwira mwendo wako. Injini ikazima pa Thabwa munthu amatsika n'kuyenda wapansi monga anachitira msuweni wako, koma Chiweta ndaiona ndi maso anga, maphompho ake sabweza munthu. Ndilibe mwana wina wamwamuna. Kawaya ka pampu kaja ukasiye mmene kalili. Makanikoyo akabweranso umuuze kuti bambo anga akana, undinamizire ine, ndilibe nazo kanthu. Ukangowerenga kalatayi undiimbire, ngakhale pakati pa usiku, undiuze ndi pakamwa pako kuti sunaitsegule.

Ndine bambo ako.