Pulasitiki Yosungunuka Si Madzi

Mnyamata aliyense wobwera kudzaphunzira ntchito pa makina athu opangira majumbo ku Makata, mu Blantyre, amaganiza kuti pulasitiki ikasungunuka imasanduka madzi. Ine sindimutsutsa ndi pakamwa. Ndimamuonetsa pulasitiki yotentha ikutuluka pakabowo: imafufuma n'kunenepa kuposa kabowo komwe yatulukirako. Madzi sangatero.

Pulasitiki yathuyi, polyethylene, ndi mamolekyulu ataliatali zedi, opiringizana ngati ulusi womwe mwana wauseweretsa. Moto umawamasula kuti aziyenda, koma suwadula. Sikuluu ikawakankhira m'njira yopapatiza amawongoka mokakamizidwa, ndipo akangotuluka amakhwinyatanso kuti abwerere mmene analili. Kufufuma kuja n'kumeneko. Katswiri wa ku France, Pierre-Gilles de Gennes, anafotokoza mu 1971 kuti molekyulu iliyonse imadzisolola m'chipiringucho pokwawa motsatira utali wake. N'chifukwa chake yaitali imachedwa kwambiri, ndipo pulasitiki yake imalimba kukankha.

Timibulu tatsopano ta pulasitiki tikafika, ndimayamba ndafunsa nambala ya MFI: magalamu amene amadontha pakabowo m'mphindi 10, pa madigiri 190, atatsinderedwa ndi makilogalamu 2.16. Ya majumbo imafunika yotsika. Yokwera ndi yopangira zidebe ndi mabeseni.

Pamene mtima wanga umakhala ndi pa chibaluni. Pulasitiki ikatuluka mozungulira timaiuzira mpweya, n'kukwera m'mwamba ili njenjenje, yowala, mpaka pamzere pomwe imachita mbuu chifukwa yayamba kuuma. Maso anga sachoka pamzere umenewo. Polyethylene ya mtundu wa LDPE ndimaikonda chifukwa mamolekyulu ake ali ndi nthambi zazitali zomwe zimakolana, choncho malo akayamba kupyapyala amadzilimbitsa okha m'malo mong'ambika. Ukawonjezera liwiro pulasitiki imayenda mofewa, inde, koma ukapyola muyeso khungu lake limatuluka lokhakhala, losawala, ndipo mpukutu wonsewo ubwerera kokagaya.

Zogayazo n'zimene zimayesa munthu. Pulasitiki ikatenthedwa kawirikawiri, mamolekyulu ena amaduka, ena amamangana mfundo zosamasuka, n'kusiya timadontho tolimba m'jumbo. Chibaluni chimayamba kuvina. Apo lamulo la 2015 likufuna jumbo yosachepera mamaikironi 60, ndiye sungangoyerekeza ndi maso. Ndimatsitsa moto pang'ono, n'kuthirako timibulu tatsopano, n'kusintha sefa, kenako ndimadula kachidutswa kuti ndikayeze makulidwe ake mbali zonse.