Ntchito imene makolo saitchula

Zotsatira za mayeso a MSCE zikatuluka, m'makomo mwathu mumakhala zokambirana zofika usiku. Bambo akufuna mwana akaphunzire udokotala, mayi akuti namwino sasowa ntchito, amalume akuti ndalama zili ku zamalamulo. Ife othandiza pa zaumoyo mumpingo takhala nawo pa mikeka yotereyi kambirimbiri, chifukwa makolo amayesa kuti poti timayeza anthu BP ndi shuga pa msonkhano wa misasa ndiye kuti masukulu onse tikuwadziwa. Pa zaka zonsezi sitinamvepo kholo likulakalaka kuti mwana wake adzagwire ntchito yoteteza ana ozunzidwa, kapena adzakhale namwino wa odwala matenda a m'maganizo. Mwana akaitchula yekha, yankho silichedwa: "Iwe, fizi yonse tavutikirayi kuti uzikathamangitsana ndi amisala ku Zomba?"

Dzina la Zomba limatuluka chifukwa kumeneko ndi kumene kuli chipatala chachikulu cha boma cha matenda a m'maganizo, ndipo kwa anthu ambiri nkhani yonse imathera pa mpanda wa chipatalacho. Koma ntchito yambiri ya akatswiriwa sichitikira kuseri kwa mpanda. Tinaziona ndi maso athu mu Marichi 2023, pamene namondwe wa Freddy anagumula mapiri m'chigawo cha kummwera, matope n'kukwirira nyumba ku Chilobwe m'munsi mwa phiri la Soche, ku Mulanje ndi ku Phalombe. Anthu oposa 1,000 anamwalira kapena kusowa. Opulumuka anasonkhanitsidwa m'makalasi ndi m'matchalitchi, ndipo ife tinkapitako ndi ufa, soya, zofunda ndi mankhwala othira m'madzi akumwa.

Ufa unkathandiza njala, zofunda zinkathandiza kuzizira. Koma munali ana ena amene zonsezi sizinkawafika. Mnyamata wa zaka ngati zisanu ndi zinayi anali atayambiranso kukodza pogona. Kamtsikana kena kanasiya kulankhula, kamangogwira chitenje cha azakhali ake ngakhale popita kuchimbudzi. Mitambo ikangoda, ana ena ankabisala pansi pa madesiki. Akuluakulu, amene nawonso anali ndi maliro awoawo, ankangoti ndi chibwana, chidzatha.

Pa sukulu imene tinkapitako kunkabwera mayi wina wochokera ku ofesi ya Social Welfare ya boma, mmodzi mwa alangizi oteteza ana. Sankanyamula mankhwala. M'chikwama mwake munali kope, mapepala, makrayoni ndi mpira wa mapulasitiki. Choyamba analemba mwana aliyense amene analibe kholo pamalopo, dzina, mudzi, ndi wachibale amene angapezeke, popeza pa chipwirikiti chotere ndi pamene ana amatengedwa ndi anthu osawadziwa, atsikana n'kukwatiwitsidwa mwakachetechete kuti pakhomo pachepe pakamwa. Kenako anasankha kalasi imodzi kuti ikhale ya ana okha masana aliwonse, nthawi yomweyomweyo. Anatiuza kuti mwana amene dziko lamugwedezekera amafuna chinthu chimodzi chimene chidzachitike mawa monga chachitikira lero.

Chimene chinatidabwitsa ndi chakuti sankawafunsa anawo kuti afotokoze za usiku umene madzi anabwera. Mmodzi wa ife atafuna kuyambitsa nkhaniyo ndi kamtsikana kosalankhula kaja, mayiwo anamukokera pambali n'kunena motsitsa mawu: "Amayi, musamukumbe. Akafuna kunena adzanena yekha, ife tingokhala pafupi." Patapita masiku kamtsikanako kanajambula nyumba yopanda denga ndi anthu atatu, kenaka n'kufufuta mmodzi ndi chala. Mayiwo sanafunse kuti wafufutidwayo ndani. Anangokafunsa ngati kakufuna pepala lina. Umenewutu ndi ukatswiri, wochita kuphunzira, ngakhale woonera patali angayese kuti ndi kusewera ndi ana basi.

Kuchokera nthawi imeneyo takhala tikufunsafunsa kuti anthu otere amaphunzira kuti, kuti makolo akatifunsa tizikhala ndi choyankha. Njira zake n'zingapo ndipo sizifanana kutalika. Ambiri ogwira ntchito zachitukuko ndi zachisamaliro cha anthu m'maboma anadutsa ku koleji ya Magomero ku Chiradzulu. Ofuna digiri ya social work amaipeza ku University of Malawi ku Zomba kapena ku Catholic University ku Nguludi. Ku Mzuzu kuli koleji ya St John of God, imene imaphunzitsa aphungu a zamaganizo, anamwino ndi ma clinical officer a matenda a m'maganizo, ndipo bungwe lomwelo lili ndi zipatala zake ku Mzuzu ndi ku Lilongwe. Mwana amene waphunzira unamwino kapena u clinical officer ku Malamulo, kwathu ku Makwasa, akhoza kugwira ntchito zaka zingapo n'kukawonjezera maphunziro a mbali imeneyi. Njira yaitali kuposa zonse ndi ya dokotala wa matenda a m'maganizo: amayamba wamaliza udokotala wonse, kenaka zaka zina zaukatswiri, zimene tsopano zimaphunzitsidwa ku Kamuzu University of Health Sciences. Madokotala oterewa m'dziko muno ndi owerengeka kwambiri, moti odwala ambiri amene amathandizidwa m'zipatala za m'maboma amaonedwa ndi anamwino ndi ma clinical officer.

Pali ntchito ina imene ngakhale ife timaitchula monong'ona. Mwana akagwiriridwa, kale banja linkayenda ulendo wautali: kupolisi, kuchipatala, kubwereranso kupolisi, kwa a Social Welfare, ndipo paliponse mwanayo ankafotokoza nkhani yake kuyambira pachiyambi kwa munthu wachilendo. Mabanja ambiri ankatopera panjira n'kukakambirana kwa amfumu, mlandu n'kuthera pa mbuzi. N'chifukwa chake pa zipatala zina zazikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, anakhazikitsa malo otchedwa Chikwanekwane, kumene wachipatala, wapolisi, wa Social Welfare ndi phungu amapezeka pakhomo limodzi. Apa nthawi ndi yofunika: mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72. Lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 ndi limene limatsogolera ogwira ntchitowa, ndipo kuyambira 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Palinso achinyamata amene ntchito yawo ndi kuyankha foni yaulere ya 116, ya Tithandizane, imene amayendetsa a YONECO ku Zomba. Taganizirani kukhala pa foni tsiku lonse, osadziwa kuti woimba wotsatira ndi mwana wongoseweretsa foni ya amayi ake kapena mtsikana amene wadzitsekera m'bafa kuthawa bambo womupeza.

Sitinganamize makolo kuti ntchitozi n'zopepuka kapena zolemeretsa. Mlangizi woteteza ana amayenda midzi yambiri, nthawi zina pa njinga yakapalasa, ndipo akalowerera ukwati wa mwana amadedwa ndi banja lonse, mwina ndi anthu amene amapemphera nawo. Namwino wa odwala m'maganizo amatha kupeza kuti mankhwala amene wodwala wake anayamba kupeza nawo bwino atha m'famase. Ndipo nkhani zimene amamva masana amapita nazo kunyumba. Mayi wa makrayoni uja anatiuza kuti pali masiku amene amalephera kudya, ndipo akaona mwana wake wamkazi akuchedwa kuchokera kusukulu mtima umamuthamanga kuposa mmene uyenera. M'maphunziro awo amawalangiza kuti nawonso azikhala ndi mnzawo wa ntchito womukhuthulira zakukhosi. Ife tikuona kuti apa mabanja ndi mipingo tili ndi ngongole. Munthu wotere tikamuona Sabata timafulumira kumubweretsera mavuto athu pakhomo la tchalitchi, osamufunsa kuti iye wagona bwanji.

Nanga ife amene sukulu inathera ku sekondale, mbali yathu ndi iti? Ku Zimbabwe, dokotala wa matenda a m'maganizo Dixon Chibanda anataya wodwala wake wina amene anadzipha atalephera kupeza ndalama ya basi yobwerera kuchipatala ku Harare. Iye anaona kuti madokotala ochepa sangafikire aliyense, choncho anayamba kuphunzitsa agogo aakazi a ku Mbare kumvetsera anthu ovutika maganizo ndi kuwathandiza kusanthula vuto limodzi pa nthawi, atakhala pa benchi panja pa chipatala. Matendawa kumeneko amawatcha kufungisisa, ndiko kuganiza mopitirira. Ntchitoyi, yotchedwa Friendship Bench, itafufuzidwa, zotsatira zimene zinasindikizidwa mu 2016 zinaonetsa kuti anthu okhala pa benchi paja ankapeza bwino kuposa amene analandira chithandizo chanthawi zonse. Nkhaniyi imatilimbitsa mtima, koma pali mbali imene anthu amaidumpha akamaifotokoza: agogowo anachita kuphunzitsidwa, amayang'aniridwa, ndipo akakumana ndi munthu amene akuganiza zodzipha amakhala ndi katswiri womutumizako. Popanda katswiriyo benchi silikwanira.

N'chifukwa chake gulu lathu linapita kukaonana ndi namwino woona za matenda a m'maganizo pa chipatala cha boma lathu. Tinamupempha kuti atiuze masiku amene amaona odwala, ndi zizindikiro zimene tikaziona tisachedwe n'kucheza koma titumize munthuyo msanga. Anatipatsa zinayi: wolankhula zofuna kudzipha, womva mawu amene ena sakuwamva, mayi wongobereka kumene amene sakufuna kuona khanda lake, ndi mwana amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi n'kuyamba kuopa munthu wina wake wa pakhomo. Tinazilemba kuchikuto kwa kope lomwe timalembamo BP. Namwinoyo ali yekha pa ntchitoyi, ndipo anatiuza kuti akapita ku tchuthi odwala ake amadikira kuti abwere.