Ndaona kompyuta ikuwerenga maselo a khansa

Ndinkadziwa kuti madokotala amadulako kanyama pa chotupa n'kukatumiza ku labotale. Koma zochitika kanyamako kakafika kumeneko ndaziona posachedwapa, ndipo mtima wanga udakali komweko.

Amakaumitsa m'phula, n'kukasenda mopyapyala kuposa tsitsi, n'kukayala pakagalasi. Kenako amathirapo mankhwala osaka puloteni yotchedwa Ki-67, imene Johannes Gerdes ndi anzake anaitulukira ku Kiel, m'dziko la Germany, mu 1983. Puloteniyi imapezeka m'maselo amene akugawikana. Selo limene lili nayo limasanduka lofiirira, lopanda limatsala labuluu. Ofiirira akachuluka, ndiye kuti chotupacho chikukula mwaliwiro.

Ntchito ili pa kuwerenga. Pa khansa ya m'mawere, akatswiri analangiza kuti dokotala aziwerenga maselo osachepera 500, diso lili pa maikulosikopu. Maso amatopa, ndipo madokotala awiri angathe kupeza mayankho osiyana pa kagalasi kamodzi.

Tsono katswiri wina anandikhazika pambali pake. Kagalasi kanali katajambulidwa kale ndi makina, ndipo anatsegula chithunzicho mu QuPath, pulogalamu yaulere imene Pete Bankhead anayamba kuilemba ku Queen's University Belfast. Poyamba chinkangooneka ngati chitenje chamawangamawanga. Atachikulitsa, maselo anatulukira limodzilimodzi, mbuu! Anajambula mzere kuzungulira chotupa, n'kudina. Posakhalitsa selo lililonse linali litazingidwa, lina ndi mzere wofiira, lina ndi wabuluu, masauzande ake, chiwerengero chili pambali. Ndinamupempha kuti abwerezenso, ndikungofuna kuonanso.

Chimene chinandigwira mtima kwambiri n'chakuti anayamba kukonza. "Awa si a khansa," anatero, akuloza kagulu ka maselo oteteza thupi amene kompyuta inawaphatikiza, n'kuwachotsa. Makinawo satopa, koma wodziwa malire a chotupa ndi munthu.

Kuno kwathu nkhaniyi si yachilendo. Pa Burkitt lymphoma, khansa yovutitsa ana ambiri m'Malawi, pafupifupi selo lililonse limatuluka lofiirira. Ndipo labotale ya ku Kamuzu Central Hospital, imene inatsegulidwa mu 2011 mothandizana ndi University of North Carolina, yakhala ikujambula timagalasi n'kumaunikira limodzi ndi madokotala a ku America pa intaneti.

Achinyamata amene mukuphunzira za labotale, ikani QuPath m'makompyuta mwanu muyambe kuizolowera. Siifuna ndalama.