KASIKUTA KAJA KALI KUTI? NDIYANKHE LERO

Mafana a kunyanja, a ku Msaka, Chembe, Malembo mpaka Makawa. Ambiri mwakhala mukundifunsa ku inbox kuti kasikuta kaja ndinkaponya pa status kanathera kuti. Ndiyankhe onse pakamodzi. Uthengawu ndi wautali, khalani pansi kaye.

Mukudziwa kuti ndinatsikira ku Bangula, m'boma la Nsanje. Kuno anthu amawoloka Shire pa maboti kupita tsidya la ku Makhanga chifukwa msewu wa ku Chiromo unaduka kalekale. Pamene pali boti la injini, makaniko sagona ndi njala. Vuto linali mayendedwe, chifukwa lero akuyitana kudooko, mawa ku Ngabu kuli pampu yothirira yafa. Ndiye ndinagula kasikuta ka 50cc kwa mayi wina amene ankasamukira ku Blantyre. Matayala ngati a wilibala. Pa M1 kankafika 50 pa mita yake, nayonso mphepo ikhale kumbuyo.

Anyamata a kabaza a pa siteji, aja a ma Lifo ndi ma Kinglion, anakapatsa dzina loti mashini osokera. Ndikamadutsa ankakuwa kuti atelala, tisokereni buluku. Ndinkaseka nawo koma mumtima zinkandiwawa. Ine munthu woti ndimamasula Yamaha ya 40 mpaka ku crankshaft, ndizisekedwa ndi ana oti pulagi amachita kukasinthitsa?

Ndinayamba kusaka sipeya. Ulendo woyamba ku Limbe ndinangolowa mu shopu n'kunena kuti ndikufuna pisitoni yayikulu ya sikuta. Anandipatsa, ndinalipira, kufika ku Bangula pini yake sikulowa. Ulendo wonse uja pachabe. Apa m'pamene ndinaphunzira kuti dzina lolembedwa pa pulasitiki silikuthandiza. Yang'ana nambala yodindidwa pa injini penipeni, chakumanzere m'munsi. Yanga ndi 139QMB. Pisitoni yake yobadwa nayo ndi ya 39mm, pini 13mm. Ilipo silinda ina ya 47mm imene imakwana pomwepo, amayitcha 80cc pogulitsa ngakhale ukawerengetsa bwino imakwana 72cc basi. Msuweni wanga wa ku Joni anandipezera, n'kupatsira munthu wobwera pa basi. Ndinadikira miyezi iwiri.

Itafika sindinagone. Ndinamanga silinda, ndinaika ma roller opepukirapo mu variator kuti kazinyamuka msanga, ndinachotsa bokosi la air filter n'kuika kaja kozungulira kooneka bwino, ndinaboola ekizozi kuti izilira. Zinthu ziwiri ndinazinyozera. Jeti yayikulu ya mu kabuleta sindinayipeze, ndiye ndinasiya yakale yomweyo. Chipulasitiki chokuta injini chinali chong'ambika, ndinachitaya kuseri kwa nyumba, amvekere injini ipume bwino.

Aise, kanasintha. Tsiku lina pa Sorgin ndinampitirira wa kabaza atanyamula thumba la chimanga, ndinachita kumubayibitsa. Ma status aja munkawaona ndi a sabata imeneyoyo.

Mu October Ababa anayimba. Injini ya boti la chilimira yayima, mdima wayamba, usipa ukuoneka, bwera msanga ndipo udzere ku Limbe ugule impela ndi gasiketi. Anatumiza ndalama ya sipeya ndi ya thiransipoti pa foni. Apa ndiulule: ya thiransipoti ija ndinabwezera ngongole ya msuweni uja. Ndinati palibe vuto, ndikwera phiri ndi kasikuta, ndikakasiya kwa mnzanga ku Blantyre, kwinako ndikapempha lifiti.

Ndinanyamuka mochedwa, cha m'ma 9. Amene simunafike ku Lower Shire mu October simudziwa kutentha. Kwathu kukatentha umathawira m'madzi, kuno mphepo yomwe imawotcha ngati yochokera mu uvuni, madigiri amapitirira 40. Ngabu, Nchalo m'minda ya nzimbe, Dyeratu, mlatho wa Kamuzu, zonse fulu thirotolo osapuma. Nditadutsa pa Thabwa n'kuyamba zitunda zija zokhotakhota, ndinamva kaphokoso ngati misomali ili m'chitini. Mphamvu inayamba kutha. M'malo moyima ndinawonjezera moto. Pa kona ina kanangoti zii. Kiki olimba ngati mwala.

Ndinakankha kasikuta padzuwa mpaka ndinapeza kamthunzi. Nditamasula pulagi inali yoyera mbuu. Makaniko aliyense akudziwa tanthauzo lake: mpweya wambiri, petulo wochepa, injini yapsa. Silinda yakula, fyuluta yatseguka, koma jeti ikupereka mafuta a 50cc. Madzulo ankolo ena a lole yopanda katundu anandimvera chisoni n'kutikweza tonse awiri, ine ndi mtembo wanga. Ku Limbe ndinapeza mashopu atatseka. Kumudzi ndinafika patatha masiku awiri.

Masiku awiri a mdima mukudziwa mtengo wake. Maboti a anzathu ankabwera odzadza, lathu lili pamchenga. Alovi onse a Ababa, ena ali ndi ana a sukulu, anangokhala kuonerera. Palibe anandilalatira, ndipo zinandipweteka kuposa akanandilalatira.

Nditamaliza kumanga impela tinaliza injini, madzi n'kuyamba kutuluka kumbuyo. Ababa anali chiimire pambali. Anati, "Iwe, injini ya boti ukaliza umayamba kuyang'ana chiyani?" Ndinati, "Ngati ikukodza, Ababa." Anati, "Nanga yako ija imakodzera pati?" Ndinangoti chete. Injini ya boti imazizira ndi nyanja, impela ndiyo imakoka madzi. Ya sikuta ili ndi fani basi, ndipo chipulasitiki chija ndinataya ndi chimene chimatenga mphepo ya fani kupita nayo pa silinda. Ine amene ndimakalipira asodzi akamayendetsa injini yosakodza, ndinachita zomwezo ndi manja anga.

Ndiye amene mukufuna kuchuna njinga zanu, sindikukuletsani, koma imvani izi.

1. Musanagule sipeya jambulani nambala ya pa injini, ndipo yakaleyo munyamule m'thumba mukayerekeze pa kauntala. Wogulitsa akakana kuti muyerekeze, tulukani.

2. Mukawonjezera mpweya wonjezerani mafuta. Silinda yayikulu kapena fyuluta yotseguka imafuna jeti yayikulu. Ngati jeti simunayipeze, zinazo zidikire.

3. Werengani pulagi mukayenda kamtunda. Yofiirira ngati tiyi wamkaka ili bwino, yakuda mafuta achuluka, yoyera imani pomwepo.

4. Sinthani chinthu chimodzi, muyese, kenako china. Ine ndinasintha zinayi usiku umodzi.

5. Pisitoni yatsopano musayipatse fulu thirotolo masiku oyamba, ndipo oilo musinthe msanga.

6. Mabuleki ndi matayala ndi omwe aja a 50cc. Phiri lija pobwerera umachita kutsika. Chipewa valani.

Kasikuta kalipo, kakuyenda. Ndinagula pisitoni ndi ma ring ena, silinda ndinayipala inavomera, jeti ndinayipeza, bokosi la fyuluta ndinabwezera chifukwa fumbi la kuno silichita masewera. Chipulasitiki chija ndinakachitola kuseri kwa nyumba n'kuchisoka ndi waya, ndiye a kabaza akati atelala pano sakunama. Ulendo wautali ndimanyamuka 4 koloko m'mawa. Ndalama ya Ababa ndikubweza pang'onopang'ono, ndipo mwezi uno ndikufuna nditumize kenakake kwa alovi aja.

Amene ali ndi mnzake woti wangoboola ekizozi, mutumizireni.