Zakale zathu zili kumapeto kwa msika

Kuno ku Tsangano ndi ku Macanga kulibe sitolo yogulitsa zinthu zamakedzana ngati zija za m'mizinda ikuluikulu, zimene alendo amalowamo kukasirira mipando ya agogo a anthu ena. Ife zakale zathu zimakhala pansi, pachiguduli, kumapeto kwenikweni kwa msika. Ine kumeneko ndiye kwanga.

Tsiku la msika, kaya ndi ku Biriwiri, ku Ntengo-wa-Mbalame kapena ku Furancungo, anthu amayamba athamangira kaye pa kaunjika, amene ife a mbali ino timati kalamidade. Dzinali linachokera ku ofesi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, imene inkagawa zovala zachithandizo m'zaka za m'ma 1980. Belo likangotsegulidwa, anthu amaunjikana ngati nkhuku pamadeya. Sindiwanena, poti kumapiri kuno kumazizira ndipo jekete yabwino sigonera. Koma ine ndimangodutsa.

Pachiguduli paja, abale anga, pali maphunziro. Mupezapo nsimbi yamakala yokhala ndi katambala pachotsekera, nyale ya Tilley yopanda galasi, chishalo cha njinga ya Humber, bokosi lachitsulo limene wina anabwera nalo kuchokera ku Salisbury. Wailesi ya Xirico, imene inkalumikizidwa ku Maputo, imakhala phee pambali pa inzake ya Nzeru ya ku Blantyre, ngati mmene eniake amakhalira m'malire muno. M'kachitini mumakhala makobidi a escudo amene anasiya kugwira ntchito mu 1980 itabwera metical, pamodzi ndi mapepala a metical yakale ija tinkawerenga m'mamiliyoni boma lisanachotse maziro atatu mu 2006.

Achinyamata sadziwa kuti zambiri mwa zinthuzi zinachita kupulumuka. Nkhondo inatentha nyumba zambiri m'maboma awiriwa. Zimene zinatsala n'zimene anthu anakwirira m'munda, kapena anasenza pamutu pothawira ku Ntcheu, ku Dedza ndi ku Lilongwe, makamaka kuyambira mu 1986. Zinabwerera kumudzi pangano la mtendere litasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992. Kunena zoona, nsimbi zina zawoloka malire kawiri popanda chiphaso.

Mwezi wathawu ku Furancungo ndinapeza bambo wina wachikulire atakhala pambali pa mutu wa makina osokera a Singer.

"Agogo, makinawa mukuti bwanji?"

"Mwanawe, awa si ogulitsa ayi, koma feteleza wandivuta."

Anandiuza kuti malemu akazi awo anayenda nawo pamutu usiku, mwana ali kumbuyo, mpaka kukafika ku Malawi. Kumsasa wa othawa nkhondo makinawo ndiwo ankagula sopo ndi mchere. Tili mkati mocheza panafika mnyamata wa sikelo, mmodzi wa aja ogula zitsulo zakutha. Sanafunse n'komwe ngati makinawo amasoka. Anangowanyamula m'manja kuti amve kulemera kwake, n'kutchula mtengo wa pakilo.

Apa ndiye pamene pamandipweteka mtima. Mlendo wogula zakale amatinyenga pamtengo, inde, komabe chinthucho chimakakhala kwinakwake. Wa sikelo amakachiphwanya kuti akachisungunule, basi chatha. Nsimbi, mapulawo ang'ombe ndi mapoto olemera aja zikuchoka m'midzi mwathu pamalole. Wogulitsa sungamudzudzule, chifukwa munda wa mbatatesi kapena wa fodya sudikira munthu.

Ndalama ya makina ndinalibe. Ndinapita kukaitana telala wina wapakhonde pamsika pomwepo. Anapukusa gudumu, anatchera khutu, nati shatulo yokha ndiyo yatha. Anagwirizana kuti alipira kawiri, theka tsiku lomwelo, theka fodya akagulitsidwa. Agogo aja anapempha chinthu chimodzi, kuti akabwera ndi malaya ong'ambika aziwasokera pamakina omwewo.

Ine ndinabwerako ndi Xirico ija, yosalankhula. Ili kwa wokonza mawailesi ku Ulongue, ndipo akuti akufunafuna ina yakufa yoti achotseko zipangizo.