KAINJINI KA M'CHISAKASA

Abale anga alimi, amuna ndi akazi omwe, amene mumawerenga nyuzi ino m'midzi mwanu, lero sindinena za mbewu kapena za ng'ombe ayi. Ndifuna kukusimbirani za kainjini kamene ndinapanga ndi manja anga m'chisakasa cha kuseri kwa nyumba yanga, kufupi ndi Embangweni, m'dziko la Inkosi Mzukuzuku. Kainjiniko n'kakang'ono, kokwana m'dengu. Sikagaya chimanga, sikapopa madzi, ndipo sindinakagulitse kwa munthu. Komabe ndinena poyera kuti pa zipangizo zonse zimene ndili nazo, palibe china chimene chandisungira ndalama koposa iko. Tamvani m'mene zinakhalira.

Monga amuna ambiri a kuno ku Mzimba, inenso ndinapita ku Joni kukagwira ntchito, ndipo pobwerera ndinadza ndi pampu ya petulo yothirira m'dimba. Ndi pampu imeneyi tinayamba kulima matimati ndi anyezi ambiri, n'kumakagulitsa pa msika wa Jenda, m'mbali mwa msewu wa M1. Ana anapita ku sukulu ndi ndalama ya m'dimbamo. Tsono chaka china m'mwezi wa Seputembala, matimati ali pa maluwa, pampu ija inangotsokomola kawiri n'kukhala chete. Ndinakoka chingwe chake kufikira phewa linawawa, koma osadzuka. Ndinaimanga panjinga ndi kupita nayo kwa mmisiri wina ku Boma la Mzimba. Iye anaiyang'ana pang'ono nati, "Adada, iyi yafa m'kati. Isiyeni, mudzabwere Loweruka." Ndinapitako Loweruka katatu. Tsiku limene ndinaitenga, nditalipira ndalama ya madengu angapo a matimati, theka la dimba linali litapserera kale, pakuti ine ndi mayi a kunyumba sitinathe kulithirira lonse ndi zitini. Pambuyo pake mnyamata wina wa pomwepo ananditsina khutu kuti vuto linali madzi ndi zinyalala m'kabuleta basi, ntchito yosafika ndi ola limodzi lomwe.

Kunena zoona, ndinadzikwiyira ndekha koposa m'mene ndinakwiyira mmisiri uja. Ng'ombe yanga ikadwala ndimadziwa poyang'ana: mphuno, maso, ndowe. Koma chitsulo chimene banja langa limadyerapo ndinali kuchiopa ngati chithumwa cha mwini. Nanga manthawa anachokera kuti? Makolo a dziko lino sanali kuopa chitsulo. Aphoka a m'mapiri a ku Nyika anali kuyenga miyala m'ng'anjo ndi kusula makasu Azungu asanafike. Injininso sinagwe kumwamba. Anaipanga ndi anthu. Ya mtundu wa pampu yanga anaikonza ndi Nikolaus Otto wa ku Germany mu 1876, ndipo ya dizilo, yonga imene imayendetsa zigayo zambiri za m'midzi, inayamba kugwira bwino ntchito mu 1897 m'manja mwa Rudolf Diesel, wa ku Germany komweko. Ndipo pafupi pompa, ku Wimbe m'boma la Kasungu, mnyamata William Kamkwamba anapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo mu 2002, pogwiritsa ntchito zitsulo zotayidwa ndi njinga yakale. Chotero ndinati mumtima mwanga: kumasula pampu yanga ndiopa kuiwononga, koma ndikapanga injini yangayanga yaing'ono, ndidzadziwa ntchito ya kachitsulo kalikonse.

Musanamve za kapangidwe kake, muyenera kudziwa chimene chimachitika m'kati mwa injini, ndipo si chovuta ayi. Ganizani za mtondo ndi munsi. Mtondowo ndiye silinda, munsiwo ndiye pisitoni, koma munsi wake ndi wothina bwino kotero kuti mpweya sungapulumuke m'mbali. Pisitoni imayenda maulendo anayi. Ulendo woyamba imatsika ndi kukoka mpweya wosakanizika ndi nthunzi ya petulo. Wachiwiri imakwera, zitseko ziwiri zotchedwa mavalavu zili zotseka, ndi kupanikiza mpweyawo m'kamalo kakang'ono. Pamenepo pulagi imathetheka moto, mpweya uja n'kuyaka mwamphamvu ndi kukankha pisitoni pansi. Umenewu ndiwo ulendo wachitatu. Wachinayi imakweranso ndi kutulutsa utsi. Tsono onani: pa maulendo anayiwa, wobala mphamvu ndi umodzi wokha. Atatu enawo amangodya. Chimene chimaipitiriza injini ndi gudumu lolemera limene limasunga mphamvu ya ulendo umodzi uja ndi kuigawira enawo. Inu alimi simungadabwe nazo, pakuti timakolola kamodzi pa chaka ndipo nkhokwe ndiyo imatifikitsa ku masika ena.

Zipangizo ndinazitola pang'onopang'ono kwa miyezi yambiri. Silinda ndinadula ku shoko yakutha ya njinga yamoto, chifukwa m'kati mwake ndi mosalala kale. Gudumu lolemera ndinachotsa ku makina osokera opalasa ndi mapazi, amene anafa kalekale m'nyumba mwathu. Mavalavu ndinasema ndi tupa kuchokera ku mabawuti awiri. Ya mpweya wolowa ndinangoiika kasipuling'i kofewa kuti izitseguka yokha pisitoni ikamakoka. Ya utsi imafuna chitsulo choikankha kamodzi pa kuzungulira kuwiri kwa gudumu, choncho ndinatenga tcheni ndi timagudumu tiwiri ta mano ta m'injini ya njinga yamoto, kena ka mano 14, kena ka mano 28. Pulagi, koyilo ndi batire zinachokeranso ku njinga yamoto. M'malo mwa kabuleta ndinaika kachitini kokhala ndi petulo pang'ono, mpweya n'kumadutsa pamwamba pake ndi kutenga nthunzi. Sindikunamizani kuti zonse ndinachita ndekha. Pisitoni ndi chivindikiro cha silinda anandisemera ndi mmisiri wokhala ndi makina osemera chitsulo, ndipo zolumikiza anandiwotcherera anyamata a pa msika. Safunsa anadya phula.

Nditamanga zonse pa thabwa la mlombwa, ndinaitana a pabanja langa kuti adzaone. Ndinapukusa gudumu. Zii. Ndinapukusanso mpaka thukuta kuti kamukamu, koma kainjini kanangoti fuu, fuu, ngati mbuzi yotopa. Anansi amene anabwera osaitanidwa anabwerera akuseka, ndipo ena anayamba kunena kuti mkulu uja nzeru zinatsalira ku Joni. Mayi a kunyumba sanaseke, koma usiku anati, "Adada, makina a amayi anga munawaphwasula chifukwa cha chidole chimenechi?" Ndinasowa choyankha. Masabata asanu ndi limodzi ndinalimbana nako madzulo aliwonse pochoka kumunda, ndipo kawiri konse ndinafuna kukaponya kudzala.

Amene anandithandiza ndi mdzukulu wanga wamkazi wa Sitandade 6, amene anali kukhala pambali kundigwirira nyali. Tsiku lina iye anati, "Agogo, pomata chubu cha njinga timachiviika m'madzi kuti tione pobooka. Bwanji osatero ndi iyi?" Tinasungunula sopo, tinapaka pa chivindikiro chonse, ine n'kupukusa gudumu pang'onopang'ono. Pomwepo thovu linatumphuka pa valavu ya utsi. Mpweya umene pisitoni inali kupanikiza unali kuthawira pamenepo, ndipo popanda kupanikizika petulo alibe mphamvu. Masiku atatu ndinapera valavu ija pa malo ake ndi phala loperera mavalavu, kuipotokola uku ndi uku ngati munthu wopeka moto, kufikira thovu linaleka. Kenaka ndinasuntha nthawi ya moto kuti pulagi izithetheka pisitoni itatsala pang'ono kufika pamwamba. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Loweruka lina m'mawa ndinapukusa kamodzi, ndipo kainjini kanati phu, phu, phuphuphu, thabwa lonse n'kumanjenjemera, nkhuku n'kubalalika. Kanayenda mphindi ziwiri kapena zitatu kenaka kanatentha n'kuima. Mayi aja, amene anali kupeta chapafupi, anaika lichero pansi naimba nthungululu.

Phindu lake linaoneka chilimwe chotsatira. M'mwezi wa Okutobala pampu inaimanso, anyezi ali pofuna madzi. Nthawi imeneyi sindinafune njinga. Ndinakhala pansi m'dimba momwemo ndi kufunsa mafunso atatu amene kainjini kanandiphunzitsa. Kodi mpweya ukupanikizika? Ndinakoka chingwe pang'onopang'ono ndipo chinalimba pakati, ndiye kuti ulipo. Kodi moto ulipo? Ndinamasula pulagi, ndinaigunditsa ku chitsulo cha injini ndi kukoka chingwe. Moto unathetheka, koma pulagiyo inali bii ndi mwaye. Kodi petulo ndi mpweya zikulowa pa muyeso wake? Injini imafuna mpweya wolemera pafupifupi ka 15 kuposa petulo, ndipo mwaye ndi chizindikiro chakuti mpweya wachepa. Nditatsegula sefa ya mpweya ndinaipeza itatsekeka ndi fumbi la chilimwe. Ndinaitsuka, ndinapukuta pulagi, ndipo madzi anayamba kuyenda m'mizere dzuwa lisanafike pamutu.

Sindikuti aliyense wa inu apange injini, ndiponso sindikuti amisiri n'ngachabe. Alipo ambiri okhulupirika, ndipo nthenda zazikulu za injini n'zawo. Koma inu amene muli ndi pampu, chigayo kapena njinga yamoto, dziwani chuma chanu monga mudziwira ng'ombe zanu. Injini ikazungulira ka 3,000 pa mphindi imodzi, moto umayaka m'kati mwake ka 1,500; chinthu chogwira ntchito yotere musachimane oyilo woyera. Sefani petulo, makamaka wogula m'mabotolo, ndipo tsukani sefa ya mpweya kawirikawiri m'miyezi ya fumbi. A zigayo za dizilo musafunefune pulagi, palibe: mpweya umapanikizidwa kwambiri mpaka kutentha kokwanira kuyatsa dizilo, monga pampu ya njinga imafundira m'manja mukamapopa. Ndipo chenjerani. Musalize injini m'nyumba yotseka, chifukwa mu utsi wake muli mpweya wakupha umene suoneka ndiponso sununkha. Petulo akhale kutali ndi moto, ndi fodya, ndi denga laudzu. Ine nditathira petulo m'kachitini kaja, nyali inkatsala kunja ndipo tinkayesa masana okha.

Mawu otsiriza ndi a kwa inu makolo. Mukaona mwana, wamwamuna kapena wamkazi, akupinda mawaya kupanga galimoto kapena akusuzumira m'chigayo kufuna kuona chimene chikulira, musamuthamangitse ndi mawu akuti akutaya nthawi. Mpatseni sipanala agwire. Kainjini kanga kali pa thandala m'chisakasa muja, ndipo amene amakaliza masiku ano alendo akabwera ndi mdzukulu wanga uja. Pampu ya m'dimba nayonso amaimasula yekha, ine n'kumangomupatsira zitsulo.

Tsalani bwino, abale anga, ndipo mulime mokondwa.